Thovu la ku Randburg

Alamu anga anandisiyira ntchito yawo ku Randburg mu Disembala 2022, iwo atakwera basi pa Park Station kupita ku Dedza kukakhoma malata panyumba. Inali ntchito ya pabwalo: kutchetcha kapinga, kusesa, kutsuka magalimoto ndi kusamala pulu, lija dziwe losambiramo la kuseri kwa nyumba. Za pulu anandibwerezera katatu, mpaka ndinawadula pakamwa.

"Alamu, ine ndine mwana wa ku Senga Bay. Ndinayamba kusambira mano asanamere. Inu a ku Dedza madzi mumawaonera m'ndowa, ndiye mundiphunzitsa chiyani?"

Iwo anangoti, "Chabwino alamu," n'kunyamula chikwama.

Sabata yoyamba zonse zinali myaa. Kenako mvula ya ku Joni inayamba khalidwe lake lija: m'mawa dzuwa lswee, madzulo mabingu ndi matalala. Magetsi nawo ankazima kawiri katatu patsiku, pampu n'kumangokhala duu. Lachinayi pa 15 ndinadzuka n'kupeza pulu yabiriwira ndere ngati thamanda la achule. Mawa lake, pa 16, linali tchuthi, ndipo bwana anali ataitana anzawo kudzaotcha nyama. Anaima m'mphepete, manja m'thumba, n'kunena mawu ochepa: mawa akufuna aone pansi pa pulu.

M'kachipinda kosungira zida munali chigubu cha malita 5 chosatsegula, mankhwala ophera ndere. Pambali pake panali kakapu kamene alamu anakajambula mzere ndi cholembera, kusonyeza polekezera. Ndikanangotsata mzerewo bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma ine ndili ndi matenda owerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa. Pachigubupo, m'zilembo zing'onozing'ono, panalembedwa kuti benzalkonium chloride 10%. Dzinali ndinali nditalionapo. Achemwali a ku Zomba, amene amagwira ntchito ya m'nyumba pamenepo, ankadontheza mankhwala m'maso mwa agogo, mayi ake a bwana, m'mawa ndi madzulo, ndipo kabokosi kake kankakhala pawindo la kukhitchini. Ndinathamanga kukasuzumira. Benzalkonium chloride 0.01%. Dzina lomwelo ndendende!

Ndinakhala pa wilibala n'kuyamba kufufuza pafoni. Ndinapeza kuti m'mankhwala a m'maso iye si amene amachiritsa ayi, ndi mlonda wa botolo chabe, woti ukalitsegula tizilombo tisaswanemo. Amapezekanso m'mankhwala opopera m'mphuno, m'timapepala tonyowa topukutira manja, m'zodzola zina, ndi m'mankhwala okolopera pansi m'zipatala. Amene anaulula mphamvu yake yopha tizilombo mu 1935 anali Mjeremani, Gerhard Domagk, yemwe mu 1939 anapatsidwa mphoto ya Nobel. Mphotoyo inali ya mankhwala ena, Prontosil, koma mzere umenewo ndinaulumpha. Mumtima ndinangoti: chinthu cha munthu wa Nobel, cholowa m'diso la nkhalamba kawiri patsiku, chingalakwire chiyani dziwe?

Ndiye ndinatola kamtengo n'kulemba masamu padothi. Alamu anandiuza kuti pulu imalowa malita 50,000. Chigubu cha malita 5 pa 10% ndiye kuti mankhwala enieni ndi pafupifupi theka la kilo. Theka la kilo m'malita 50,000 likutuluka 0.001%. Ndiye kuti ngakhale nditakhuthula chonse, madziwo akhala ofooka kakhumi poyerekeza ndi a m'diso la agogo. Masamu amenewa ndimawaikira kumbuyo mpaka lero, mukhoza kuwerengera nokha. Kakapu ka alamu ndinakayang'ana mwachisoni, ngati mmene umayang'anira munthu amene sukulu anailekera panjira.

Madzulo magetsi atazima ndinazungulira pulu ndikukhuthula chigubu mpaka dontho lomaliza, n'kuchitsukuluzanso kuti pasatayike kanthu. Ndinakagona tulo ta munthu wogwira ntchito.

Chimene sindinachiike m'masamu ndi mathithi. Pulu imeneyi ili ndi mathithi opanga, madzi amagwa pamiyala kuchokera pamwamba pampu ikamayenda. Magetsi anabwera pakati pa usiku, ine ndili mkonono, ndipo mathithiwo anayamba kupakasa madzi ngati mayi wofulula thobwa.

M'mamawa achemwali anagogoda. "Achimwene, tadzukani mudzaone zimene mwaphika."

Pulu kunalibe. Pamalo pake panali phiri loyera mbee, thovu lokhalokha, litasefukira pamiyala ya m'mphepete n'kumeza miyendo ya mipando. Kamphepo kankabudula zibuma n'kumaziwolotsa pamwamba pa waya wa magetsi kupita kwa aneba. Pansi pake kamakina koyamwa zinyalala kaja kankangogunda kuti thu thu thu, kosaoneka, ngati mfiti yotsekeredwa m'nkhokwe. Ndisanatseke pakamwa, kagalu ka dona kanatuluka ndi liwiro n'kulowa m'thovumo. Tinangomva kuuwa. Kanatulukira mbali ina katasanduka nkhosa.

Ndinayamba ndi ukonde woolera masamba, thovu n'kumangodutsa. Ndinatenga ndowa, ndikatunga imodzi mathithi akubala zitatu. Zoti ndikhoza kungozimitsa pampu zinandifikira patapita nthawi, ndipo anandikumbutsa ndi achemwali, ali chiimire ndi kapu ya tiyi. Ndinayesa kulithira madzi a payipi kuti liphwe, ilo n'kumakondwa. Pomaliza ndinkalinyamula pa wilibala, bambo wamkulu ndi ndevu zanga, kukankha wilibala yodzaza koma yopanda kulemera, theka la katundu likuuluka ndisanafike pokataya.

Ndinaimbira alamu pa WhatsApp.

"Mwathira makapu angati?"

"Kapu sindinaigwire, alamu."

Kunali zii. Ndinamva tambala akulira ku Dedza. Kenako anafunsa mofatsa kwambiri, "Kodi alamu, ku Senga Bay kuja m'nyanja mumathiramo zigubu zingati?"

Bwana atatuluka sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangovula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Alendo anafika ine ndikadali pa wilibala, ana awo n'kukuwa ndi chimwemwe poganiza kuti ndi zokonzera iwo. Pakati pa alendowo panali mayi wina wogwira ntchito mufamase. Atatola chigubu chopanda kanthu anandifunsa chimene ndinkaganiza, ine n'kumutengera pamasamu anga, amene mvula inali isanafufute. Anawerama, kuwerenga, n'kuseka mpaka kukhala pansi pa kapinga. Akuti masamu ali bwinobwino. Chimene foni yanga inanena koma ine osachimva n'chakuti mankhwalawa ndi msuweni wa sopo. Mbali ina imakonda madzi, ina imakonda mafuta, ndipo ndi mmene amaphera tizilombo: amang'amba kakhungu kamafuta kamene kamakuta tizilomboto. Tsono chinthu chotere ukachipakasa chimachita zomwe sopo amachita. M'diso la agogo mulibe mathithi.

Atatero anasiya kuseka n'kufunsa ngati pakhomopo pali mphaka, chifukwa akaponda pamene padonthera mankhwala osasungunula n'kudzinyambita amapsa m'kamwa. Mphaka analipo, koma achemwali anali atamutsekera kale m'nyumba. Anthu a ku Zomba ena amaganiza msanga, ndivomere.

Tsiku limenelo palibe anasambira. Nyama anaotchera kutsogolo kwa nyumba, ndipo mlendo aliyense ankabwera kuseri ndi mbale m'manja kudzandijambula. Tinachotsa madzi ena n'kuthiramo atsopano, thovu n'kumachepa pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Ndere zinafadi, zimenezo pasakhale wondilanda. Mtengo wa chigubu unachoka pamalipiro anga, ndipo kutchalitchi Lamlungu ndinapeza Amalawi onse akundiitana kuti a Thovu, nkhani itafika kale kudzera ku Dedza.

Maso anga anali atafiira psuu chifukwa cha tsiku lonse lolimbana ndi thovu padzuwa. Achemwali anandimvera chisoni, n'kukandigulira mankhwala odontheza m'maso kufamase. Ndinatembenuza kabokosi, poti matenda aja sachoka. Benzalkonium chloride 0.01%.

Ndisananene kanthu anandilanda kabotolo. "Khalani pansi, yang'anani kumwamba. Ndidontheza ndine. Inu musakagwire."