Zikomo kwa onse amene munandifikitsa pamwamba pa mapiri a Colorado

Abale ndi alongo, ndabwerako, miyendo yonse iwiri ili yamphumphu. Ndisanayambe kukutopetsani ndi zithunzi, ndiloleni ndithokoze kaye anthu angapo, chifukwa pandekha phiri lija sindikanalikwera.

Kwa amene nkhaniyi inakudutsani: anzanga akuntchito kuno ku Denver anakonza zokagona m'nyumba ina ya m'phiri kufupi ndi Leadville, imodzi mwa nyumba zoposa 30 zimene munthu amasungitsa malo kudzera ku bungwe la 10th Mountain Division Hut Association. Nyengo yachisanu galimoto sifikako, ndipo kulibe mipando yapachingwe yokweza anthu ngati ya kumalo osewerera pa chipale chofewa a ku Vail. Umavala maski (matabwa aatali otsetserekera pa chipale chofewa), kunsi kwake n'kumata nsalu yaubweya yotchedwa skins kuti usaterereke chambuyo, kenako umabereka chikwama n'kuyamba kukwera. Tauni ya Leadville ili pa mamita pafupifupi 3,100, pamene Sapitwa ndi mamita 3,002. Ndiye kuti pomwe tinkamwa khofi tisananyamuke, tinali kale pamwamba kuposa nsonga ya Mulanje. Ine mwana wa ku Phalombe, wodzitama kuti mapiri ndi kwathu, ndinangoti chete.

Oyamba kuwathokoza ndi mayi amene tinawalemba ganyu yotitsogolera. Tisanaponde n'komwe njira, anaonetsetsa kuti aliyense wamanga pachifuwa kachipangizo kotchedwa beacon, kamene kamatumiza chizindikiro munthu akakwiririka ndi chipale chofewa, ndiponso kuti m'chikwama muli fosholo ndi ndodo yolumikiza yofufuzira. Anakwirira chikwama chimodzi n'kutiuza kuti tichipeze. Tinkaseka, mpaka pamene anatiuza kuti munthu wokwiririka akadutsa mphindi 15 asanafukulidwe, mwayi wopulumuka umatsika msangamsanga, ndipo opulumutsa ochokera m'tauni sangafike m'nthawi imeneyo. Wokufukula ndi mnzako amene wayima naye pamenepo. Kuseka kunathera pompo.

Koma chimene ndikuwathokozera kwambiri mayiwa ndi chimene anatikaniza. M'mawa wake dzuwa linawala bwino, ndipo achinyamata a m'gulu lathu maso anali pa phiri lina lotsetsereka mokongola, lopanda ngakhale phazi la munthu. Mayiwa anali ataona kale uthenga wa bungwe lochenjeza za zigumukire za chipale chofewa la Colorado Avalanche Information Center, womwe unaika chiopsezo cha chigumukire pa 3, pa muyeso wofika 5. Sanakangane ndi munthu. Anatenga fosholo, nakumba dzenje mpaka kufika panthaka, natiitana kuti tipise manja m'khoma la dzenjelo. Pamwamba chipale chinali chogwirana, cholimba ndithu. Pansi penipeni dzanja linangolowa lokha, ndipo chimene ndinatapa chinkayoyoka m'zala ngati shuga. Anati chipale cholemera chonsecho chakhala pa zoyoyokazo, ndipo pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, munthu mmodzi yekha akhoza kuchigwedeza chonse n'kutsika nacho. Mpweya wozizira kwambiri ndi chipale chosazama cha kumayambiriro kwa nyengo ndiye zimapanga zimenezi, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene Colorado amatayira anthu ambiri ku zigumukirezi kuposa zigawo zina za America. Tinakasewera malo ena osatsetsereka kwambiri, m'kati mwa mitengo. Ena anang'ung'udza chamumtima. Ine ndikuti mayi inu, ndalama yathu munaigwirira ntchito pa ola limenelo.

Wachiwiri ndi mnzanga wa desiki yoyandikana nane, bambo wachikulire amene kuofesi sitilankhulana zambiri kupatula moni. Pokwera, mpweya unandichepera. Mutu unkagunda, ndinkangoti masitepe ochepa n'kuima, wefuwefu. Bambowa anabwerera kumbuyo kwanga n'kunena kuti akufuna kujambula mitengo. Sindinawaone atatulutsa foni ngakhale kamodzi. Patsogolo pake anandipempha kuti ndiwapatse thumba la ufa ndi zitini zimene zinali m'chikwama mwanga, ati chikwama chawo chikupepuka mbali imodzi. Titapuma, anandivula nsapato, napeza matuza kuzidendene zonse ziwiri, nawamata pulasitala ndi manja awo, kunja kukuzizira koti zala kuuma. Bambo, mumadana ndi kutamandidwa, ndikudziwa, koma pepani, lero mupirire.

Pali ena amene sindidzawaona nkhope. Pa Mulanje, ukafika ku Chambe kapena ku Lichenya umapeza mlonda woti akusonkhezere moto ndi kukutungira madzi. Kuno kulibe mlonda. Umatsegula wekha loko wa manambala n'kulowa m'nyumba yozizira. Koma gulu limene linagonamo ife tisanafike linasiya nkhuni zowazawaza pafupi ndi mbaula, tizipalapasa toyatsira tili pambali, pansi posesa, mapoto otsuka. Ndi mwambo wa nyumbazi kuti ochoka amakonzera obwera. Moto unayaka tisanavule n'komwe majekete, ndipo nafenso pochoka tinawaza mulu wathu.

Madzi nawo ndi ntchito. Kulibe mpopi, umatapa chipale panja, kutali ndi njira ya kuchimbudzi, n'kuthira mumphika waukulu pambaula. Ndowa yodzaza imatulutsa timadzi tochepa zedi, ndiye ulendo wa panja sutha. Zikomo kwa atsikana awiri a ku akaunti amene anagwira ntchito imeneyi usiku wonse osatumidwa.

Ufa uja ndinaugula kusitolo ya zakudya za ku Africa ku Aurora, ndipo ndinali nditalonjeza nsima. Pamwamba chotere madzi amawira asanatenthe mokwanira, cha m'ma digiri 89, ndiye phala linachedwa kupsa, ine thukuta kamukamu ndi mthiko wobwereka, anthu atazungulira ndi mbale m'manja. Inapsa ndithu. Tinadyera nyemba zam'chitini zokazingira anyezi, ndipo bwana wathu, amene anayamba ndi foloko, anamaliza ndi manja. Zikomo nonse podya osafunsa mafunso ambiri.

Pobwerera tinadzera msewu wa 24 kuti tione Camp Hale, chigwa chimene asilikali a 10th Mountain Division ankaphunzirira nkhondo ya m'mapiri kuyambira 1942, asanakamenye nkhondo ku Italy mu 1945. Mmodzi mwa iwo, Fritz Benedict wa ku Aspen, ndi amene anatsogolera ntchito yoyambitsa nyumbazi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2022 Pulezidenti Joe Biden analengeza malowa kukhala chikumbutso cha dziko. Lero pangotsala maziko a simenti ndi zikwangwani. Nawonso alandire zikomo, pamodzi ndi anthu ongodzipereka amene amakonza nyumbazi ndi kusonkhanitsa nkhuni nthawi yotentha.

Kwa anzathu amene munatsala kuofesi n'kusenza ntchito yathu Lachisanu, ngongole tikuidziwa. Mayi a kunyumba, munatsala ndi ana nokha, foni yanga osapezeka, ndipo nditafika simunandifunse kuti zimenezi zapindula chiyani. Zikomo. Amayi anga ku Phalombe, ndamva kuti munauza a mvano onse kuti andipempherere, ndiponso kuti mwalamula ndisadzapitenso. Mapempherowo ndalandira ndi manja awiri, zinazo tikambirana pafoni.

Achimwene amene munandibwereka jekete ndi magolovesi, ndachapa zonse, ndibwera nazo Lamlungu kutchalitchi. Golovesi yakumanzere yapsa pang'ono pachala chachikulu ndi mbaula ija, ndiye ndagula zina zatsopano.