Beetle ndi Beetle, Alamu

Thanki ya Volkswagen Beetle yanga ya 1969 inatha ndi dzimbiri mwakachetechete. Kanayamba ndi kadontho kamodzi ka petulo pansi, kadonthoko kanabereka ana, ndipo wowotcherera zitsulo amene ndinamuonetsa anangoigogoda ndi chala n'kunena kuti iye sawotcherera sefa.

Amene anadzipereka kusaka thanki ina ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Munthuyu sanaphunzirepo zokonza galimoto, koma ali ndi ovololo yabuluu ndi mawu aakulu, ndipo ziwirizi zamufikitsa patali. Anaitanitsa thanki pa intaneti. Itafika ndinangoona kuti khosi lake lothirira mafuta laima chilili pamwamba, ndi chivindikiro chake pomwepo.

"Alamu, iyitu si yake," ndinatero.

"Beetle ndi Beetle, alamu. Zonse n'zozungulira."

Mawu amenewa alowetsa anthu ambiri m'mavuto. Galimotoyi inapangidwa kuyambira 1938 mpaka 2003, zoposa 21 miliyoni, ku Wolfsburg m'dziko la Germany, ku Brazil, ku Puebla m'dziko la Mexico, ngakhalenso ku Uitenhage ku South Africa. Ukaziyang'ana pamsewu umati n'za bere limodzi, koma mkatimu Ajeremani ankasinthasintha tinthu pafupifupi chaka chilichonse. Injini ili kumbuyo, thanki kutsogolo pansi pa boneti. Pa galimoto zofika 1967 unkatsegula boneti kuti uthire mafuta, n'chifukwa chake khosi linali pathanki pomwepo. Kuyambira pa za 1968 anaika kachitseko panja, mbali ya kumanja, ndipo mafuta amayenda ulendo: alowe pakamwa pali pabodi, adutse paipi yalabala yokhota, alowe kapaipi kachitsulo, adutsenso kalabala kena kakafupi, ndiye afike pakamlomo kotuluka m'mbali mwa thanki. Mu 1970 kunabweranso mtundu wotchedwa 1302, wa thanki yakeyake. Zonsezi ndinawafotokozera alamu. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati tingoboola boneti kuti khosilo lizisuzumira kunja.

Thankiyo inabwerera kumene inachokera. Yachiwiri inali ya chaka cholondola, yopentedwa bwino, yonyezimira. Ndinachotsa batire, amene pa Beetle amakhala pansi pa mpando wakumbuyo, tinaikhazika thankiyo pamalo pake, ndipo alamu anamanga mabawuti onse anayi ndi mphamvu zonse za m'mimba mwawo. Titafuna kulumikiza kapaipi kachitsulo kaja, kamlomo ka thanki kanali kakuyang'ana kwina. Kusiyana kwake kunali ngati m'lifupi mwa chala, koma chala chimenecho chinatidyera Loweruka lonse.

Mathanki opangidwa masiku ano potengera akale amakhala otere kawirikawiri. Amene akuwapanga alibe zikombole za fakitale yoyambirira, ndiye kamlomo kakapendeka pang'ono powotcherera palibe woona. Nayo galimoto ya zaka zoposa 50 inagundidwapo, inawongoledwapo, ndipo palibe mwini wakale amene amakuuza. Chitsulo chatsopano chokhota pang'ono chikumane ndi bodi yakale yokhota pang'ono, aliyense amati wolakwa ndi mnzake.

Alamu anayamba ndi nyundo. Ndinawalanda, chifukwa kamlomo kaja ukakakakamiza kamang'alula pomwe anawotcherera, ndipo mng'alu wake suuona mpaka tsiku lodzaza thanki. Anati ndiye tikatenthetse ndi moto kafewe. Apa ndinakweza mawu. Thanki yakale inali chapompo, yopanda mafuta koma yodzaza nthunzi, ndipo yotereyi ndi imene imaphulika. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, siuluka, imakwawa pansi kusaka moto. Alamu anati ndine wamantha. Ndinavomera ndi mtima wonse.

M'mawa mwake anabwera akumwetulira, m'manja muli paipi yalabala yokhota bwino, yofewa, yomvera.

"Mwaitenga kuti?"

"Ya rediyeta iyi. Labala ndi labala."

Tangoganizani. Beetle injini yake imazizira ndi mphepo, ilibe rediyeta chibadwire, ndiye paipi ya rediyeta yoyamba kulowa m'galimoto imeneyi inalowera kuthanki. Chopweteka n'chakuti inakwana. Inakhota pomwe timafuna, timalamba tachitsulo tinagwira, tinathira mafuta a m'chigubu, injini inalira. Alamu anapukuta manja mwaulemerero ngakhale sanali akuda.

Labala wa rediyeta anapangidwira madzi otentha. Petulo amamulowerera, amafufuma, amafewa. Sipanapite nthawi, paipi ija inali itatupa, ukaigwira ikumata m'manja. Tsono pa Beetle, pakati pa thanki ndi mphuno za woyendetsa pali dashibodi ndi kachikatoni basi. Fungo linkatiperekeza kulikonse. Mayi a kunyumba anayamba kukwera mutu uli pawindo, ndipo tsiku lina pamsonkhano munthu amene anakhala pafupi nane anandinong'oneza kufunsa ngati ndimagulitsa mafuta.

Tinaichotsa paipiyo n'kuitanitsa malabala ake enieni, opangidwira petulo. Podikira, galimoto inaima kamlomo ka thanki kali kukamwa, mkati muli mafuta ochepa. Ine ndinalowa m'nyumba kukasamba m'manja. Alamu anatsala panja, ndipo ndinawamva akunena kuti, "Fumbi lingalowe apa." Sindinafunse zambiri.

Sabata imeneyo m'nyumba munabuka mlandu wina. Sokosi imodzi ya mayi a kunyumba, yaubweya, yofiira, imene amaikonda kuposa mmene sokosi iyenera kukondedwera, inasowa pachingwe. Woganiziridwa anali galu wathu, poti mbiri yake pankhani ya nsapato si yabwino. Anazengedwa mlandu popanda mboni, anagamulidwa kuti asapondenso pakhonde. Alamu analipo tsiku lachigamulo, ndipo anathirira ndemanga kuti agalu a masiku ano alibe mwambo.

Malabala atafika ndinati ulendo uno tichita mwa njira yanga. Ndinamasula mabawuti anayi aja mpaka thanki inayamba kugwedera. Malabala a petulo ndi ouma khosi, ndiye ndinawaviika m'madzi otentha, n'kupaka kasopo pang'ono m'milomo mwake. Timalamba ndinativeka tili tomasuka. Kenako ndinakankha thanki pang'ono, ndinapotoza kapaipi kachitsulo pang'ono, labala wokhota ndinamutembenuza pang'ono, ndipo chala chija chinagawikana m'malo onsewa mpaka chinasowa. Ndi pamene ndinamanga, kuyambira kubodi kumene sikusuntha, kumalizira mabawuti a thanki. Ntchito imene inakanika ndi nyundo inatheka ndi kumasula. Kunali kutayamba kuda, ndipo alamu ndi amene anagwira tochi, kuwalitsa paliponse kupatula pomwe panali manja anga.

Kutacha tinapita kukamwetsa mafuta, ine nditavala buluku loyera poti kuchokera kumeneko ndinali ndi kwina kopita. Mnyamata wothira mafuta analowetsa mlomo wa pampu, anafinya, pampu inati thapu, n'kuzima. Anafinyanso. Thapu.

"Bwana, yadzadzatu iyi."

"Yadzadza bwanji geji ili pansi?"

Pampu sinama mwadala. Kunsonga kwa mlomo wake kuli kabowo kokoka mpweya, ndipo mafuta akabwerera n'kutseka kabowoko imazima yokha poganiza kuti thanki yakhuta. Ndiye mafuta ankabwerera. Alamu, atapinda manja kumbuyo, analengeza kuti vuto ndi kapaipi kopumira. Apa pokha analankhula zanzeru, chifukwa thanki imafunika kupuma: mafuta akamalowa mpweya uyenera kutuluka, ndipo kapaipi kakang'onoko kakapindika kapena kutsekeka pampu imazimazima chomwechi. Tinatsegula boneti, tinakatsata kapaipiko, kanali bwinobwino. Kumbuyo kwathu mzere unayamba kutalika, mahutala akulira.

"Thira pang'onopang'ono, mwana wanga," anatero alamu. "Galimoto zakale sizifuna phuma. Alamu, inu suzumirani muone ngati akutsika."

Ndinawerama. Mnyamata anafinya mofatsa. Kwa kamphindi zinaoneka ngati zikuyenda, kenako khosilo linachita ngati likugeya, ndipo petulo yense amene anadzaza m'mapaipi anabwerera pa ine, kuyambira pachifuwa mpaka m'nsapato. Mnyamata anathamangira mchenga. Anthu anatikuwiza kuti tisalize injini pamenepo, ndiye tinaikankha galimoto kuichotsa papampu, ine ndikudontha, alamu ali pachiwongolero poti iwo msana umawavuta. Mayi wina amene anali m'galimoto yakumbuyo anatsitsa galasi n'kufunsa mwachifundo ngati ndikufuna madzi akumwa.

Kunyumba ndinavula zonse panja, buluku ndinaliyanika patali ndi nyumba, ndinasamba mpaka khungu linayamba kuwawa. Kenako ndinachotsanso batire, ndinamasula timalamba, ndinasolola kalabala kakafupi kaja n'kuwalitsa tochi m'kamlomo ka thanki. Munali chinthu chofiira. Ndinachikoka ndi pulayazi, chinabwera chikutalika, chikudontha, chidendene chake chili patsogolo.

Tonse atatu tinaima n'kumaiyang'ana. Mayi a kunyumba sanakweze mawu. Anangofunsa kuti, "Achimwene, sokosi yanga inafika bwanji m'galimoto?"

Alamu anatsokomola, anayang'ana kumwamba, anayang'ana galu amene anakhala patali ndi khonde monga mwa chigamulo. Anati chinthu chimene chinali pafupi n'chimenecho, ndipo munthu womanga paipi amayenera kusuzumira kaye asanatseke. Ndinawakumbutsa amene anagwira tochi. Anati tochi imaunika pomwe yauzidwa.

Popanda sokosi, ulendo wotsatira mafuta analowa osabwerera ngakhale dontho, malita pafupifupi 40, ndipo fungo m'galimoto linatha. Galu anabwezeredwa pakhonde madzulo omwewo, ndipo mpando umene alamu amakonda kukhalapo ndi umene anapatsidwa kuti azigonapo. Alamu mpaka lero akuti tiwathokoze, chifukwa titatsegula thanki ija simunapezeke fumbi ngakhale pang'ono.