Ndinalipira ndalama kuti ndikhale thumba la mchenga

Popeza anzanga ena ayamba kale kufalitsa nkhani yakuti ndinamangidwa ndi chingwe m'boti pa ulendo wa ku Makanjira, ndi bwino kuti muimve kuchokera kwa mwini wake. Chingwecho chinalipodi, koma chinali cha mbuzi, ndipo chinangodutsa pamaondo anga.

Pagombe la Senga Bay ndinafika nditavala suti, chifukwa kutsidyako ndimakaimira mphwanga monga nkhoswe. Woyendetsa boti anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati wogula ng'ombe pamsika, kenako anauza mnyamata wake kuti atsitse matumba awiri a mchenga amene anali atakwezedwa kale. "Bambo, inu mukhale apa, pakati, chakumanja," anatero mwaulemu, ndipo ine ndinakhala monyadira, poganiza kuti suti yandigulira malo apamwamba.

Munthuyo ntchito yake ankaidziwa, zimenezo sindikana. Katundu akachuluka kumbuyo kwa boti, kumene kuli kale injini ndi zigubu za petulo, mphuno imadzuka n'kumamenyetsa pamafunde; akachuluka kutsogolo, mphuno imabaya madzi ndipo pulopela imatuluka n'kumazungulira m'malere. N'chifukwa chake amaika mchenga kapena miyala pansi penipeni, chapakati, pomwe sitima zikuluzikulu zimapopera madzi m'matanki a pansi pofuna zomwezo. Tsono unali mwezi wa July, nyengo ya Mwera, ndipo boti lochoka ku Salima kulowera kum'mawa mphepo imeneyi imalimenya mbali ya kumanja n'kulikankhira kumanzere. Kulemera kunkafunika kumanjako, ndipo kulemerako ndinali ine.

Ndinazindikira udindo wanga pamene mnyamata uja ankawerenga katundu mokweza kuti: "Chimanga matumba asanu, simenti awiri, njinga, mbuzi, ndi abambo aja." Sananditchule pakati pa anthu okwera ayi. Titalowa pakati pa nyanja, malamulo anayamba kubwera: "Abambo asendere kutsogolo pang'ono! Basi! Abwerere!" Palibe amene ankalankhula ndi ine mwachindunji. Mayi wina anatsamiritsa dengu lake la matimati pamsana panga osapempha n'komwe, ndipo agogo ena anandigwira paphewa n'kunena moyamikira kuti, "Awa ndiye olimba, sakugwedezeka."

Vuto la mbali yochokera mphepo n'lakuti funde lililonse limayamba lapereka moni kwa amene wakhala kumeneko. Suti inanyowa, tayi inanyowa, ndipo pepala limene ndinalembapo mawu okalankhula kuchinkhoswe linasanduka phala. Ndinasendera kumanzere, ndipo ndikulumbira kuti sindinapitirire kutalika kwa chikhatho. Boti linapendekeka nthawi yomweyo, madzi analowa, matumba a chimanga anatsetsereka kunditsatira, matimati anabalalika paliponse, ndipo mbuzi inauluka n'kudzatera pamiyendo panga. Tinayang'anizana maso ndi maso kwa nthawi yaitali, iyo ikutafuna tayi yanga modekha, ine ndikuopa ngakhale kupuma, pomwe anthu onse ankakuwa kuti ndisasunthenso. Amene akunena kuti ndinatsala pang'ono kumiza boti aiwala kuti matumba a chimangawo sanamangidwe, ndipo katundu wosamanga amathamangira komwe boti lapendekera n'kuwonjezera ngozi. Chingwe chinathera pa mbuzi.

Chigamulo cha woyendetsa chinali chakuti kulemera kuyenera kutsika, chifukwa cholemera chikakhala pamwamba boti silichedwa kugudubuzika. Anandichotsa pathabwa n'kundikhazika pansi penipeni, m'madzi osakanikirana ndi mamba a usipa, mbuzi ili pamiyendo, mnyamata akukapa madzi mondizungulira ndi chigubu chodula. Boti linayenda mowongoka bwino kwambiri mpaka kukafika, ndipo sindinamve wina aliyense akundithokoza.

Kuchinkhoswe ndinalankhula nditatsamira khoma kuti akuchikazi asaone kumbuyo kwa buluku, koma amphaka a m'mudzimo anandizungulira mpaka mwambo unatha. Ndalama ya ulendo ndinalipira yonse, pomwe mchenga umakwera ulere. Pamene ndinkafuna kudandaula za zimenezi, woyendetsa anandifunsa tsiku lobwerera, n'cholinga chakuti anyamata ake asadzavutike kudzaza matumba. Ndinamuuza kuti Lolemba.