Kebo yagolide ija ndinangotaya ndalama

Alamu anga amanyamuka Loweruka pa Park Station kupita ku Blantyre, ndiye ndinati ndiwapatsire hard drive ya mavidiyo a ukwati wa achemwali uja tinachitira konkuno ku Joni, 300GB yonse, amayi akaonere kumudzi. Lachinayi usiku ndalumikiza, kompyuta akuti maola awiri ndi theka, aaa! Sipidi ili pa 35 MB/s, kuyenda kwa bilimankhwe.

Vuto loyamba linali langa ndithu. Kebo ya drive inasowa tikusamukira ku Yeoville ndiye ndimagwiritsa ya foni yakale ya micro USB, imalowa bwinobwino koma theka lokha la bowo. Mukaliyang'anitsitsa bowo la drive lija lili ndi mbali ziwiri, ndipo mbali yotsalayo ndi imene imanyamula USB 3.0, mtundu wothamanga kwambiri. Ya foni ndi USB 2.0, papepala amati 480 Mbps, kutanthauza 60 MB/s, koma zenizeni ndi 35 MB/s yanga yomweyo.

Kutacha ndinalowa mtauni, pa kashopu kena ogulitsa amvekere "achimwene tengani yagolide iyi, imauluka". Ndinagula makebo awiri a USB 3.0, wamba ndi yagolideyo, mtima wofuna kuona ndekha. Kufika kunyumba ndabaya wamba ija pa poti yabuluu ya pa kompyuta, yomwe ndi ya USB 3.0, osati yakuda, sipidi inakwera kufika cha m'ma 110, nthawi n'kutsika kufika mphindi 45. Ndinaimitsa dala n'kuika yagolide. 110 yomweyo, olo pang'ono kusuntha.

Nkhani ndi yoti mkati mwa drive muli kambale kozungulira ka 5400 pa mphindi ndi kamutu kolembapo, liwiro lake ndi lomwelo basi. USB 3.0 imafika 5 Gbps, msewu ndi wotakata kale koma chikuyendapo ndi ngolo ya ng'ombe. Ikanakhala SSD, drive yopanda kambale kozungulira, bwenzi tikukamba za 400 MB/s kapena kuposa, koma thumba linakana.

Zithunzi ndiye zinandivutitsa, masauzande a timafayilo ting'onoting'ono, kamutu kaja kumangodumphadumpha ndipo sipidi inagwa kuposa dzulo lake. Ndinaziunjika mu zip imodzi kaye kenako n'kukopa, zinayenda. Musanazule kebo dinani eject, ine ndinatsegulanso vidiyo ya phwando kuti nditsimikize.

Drive ndinaikulunga m'chitenje pamodzi ndi kebo wamba ija, alamu ndinawauza kuti isalowe ku katundu wapansi pa basi. Yagolide ili mudirowa, wofuna anene.