Chaka chathunthu cha maminitsi a ku New Jersey, ndi hadikava ya amayi anga

Teremu ino, pa phunziro la kayendetsedwe ka zachilengedwe, aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yomwe poyamba ndinaiona ngati chilango. Anati aliyense asankhe komiti ya anthu odzipereka yoyang'anira zachilengedwe m'tauni yaing'ono, kulikonse padziko lapansi, awerenge maminitsi a misonkhano yake ya chaka chonse, kenako alembe masamba asanu. Maminitsi! Alipo munthu anawerengapo maminitsi mwa kufuna kwake? Ine ndinasankha katauni kena ka ku New Jersey, ku America. Si kuti panali nzeru ina yake ayi. Maminitsi ake anali pa intaneti, ndipo mafayilo ake anali opepuka, osatha bandulo.

Usiku woyamba tulo tinandipeza foni ili pachifuwa. Nanga munali chiyani? Msonkhano wayamba 7 koloko madzulo. Ofika ndi awa, opepesa ndi awa. Tsiku lotola zinyalala m'mbali mwa kamtsinje likhale liti. Mbande za mitengo tikagawire pati. Ndani ayankhe kalata ya mayi wina wodandaula kuti mtengo wa pamsewu wa kwawo wadulidwa. Mwezi wina sanakambirane n'komwe poti anthu sanakwane.

Nditatopa nawo, ndinapita kukawerenga lamulo lomwe linabala makomiti amenewa. New Jersey inalola matauni ake kukhazikitsa makomiti otere mu 1968, ndipo mu 1972 ntchito yawo inakulitsidwa n'kupatsidwa dzina lomwe ali nalo lero, environmental commission. Mamembala amakhala asanu mpaka asanu ndi awiri, okhala m'tauni momwemo, osankhidwa ndi meya, ndipo aliyense amatumikira zaka zitatu. Malipiro palibe. Mmodzi mwa iwo ayenera kukhalanso membala wa bodi yoona za mapulani a tauni, ija imavomereza kapena kukana zomangamanga. Koma chomwe chinandikhumudwitsa n'chakuti komitiyo payokha silipiritsa munthu chindapusa, ndipo singaimitse ntchito yomanga. Yake yaikulu ndi kufufuza, kulemba ndi kulangiza.

Ndinayang'ananso ku Massachusetts, komwe makomiti ofanana nawo anayamba kale mu 1957. Kumeneko, kuchokera mu 1972, lamulo loteteza madambo linawapatsa mphamvu zenizeni: wofuna kumanga pafupi ndi dambo, mkati mwa mafiti 100, omwe ndi pafupifupi mamita 30, ayenera kudzera kwa iwo. Ndinati awa ndiye komiti. Ndipo m'zolemba zanga zoyamba ndinagamula mosazengereza kuti ya ku New Jersey ija ndi mlonda wopanda ngakhale chibonga.

Aphunzitsi anandibwezera pepalalo atalembapo mzere umodzi ndi cholembera chofiira, woti ndawerenga bwino zomwe anthuwo alibe, tsono ndibwerere ndikawerenge zomwe ali nazo. Zinandiwawa, sindinama. Koma ndinabwerera, ndipo ulendo uno ndinawerenga modekha, mwezi ndi mwezi, kope lili pambali. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'pamene ndinazindikira kuti pafupifupi pamsonkhano uliwonse pamabwera nkhani imodzi yomwe ndinkangoilumpha: kuunika mapulani a anthu ofuna kumanga. Ndinadabwa. Komiti yopanda mphamvu, mapulaniwo ikuwapeza bwanji? Yankho lili m'lamulo lina, la 1975, loona za kagwiritsidwe ntchito ka malo m'matauni. Limati komiti ikakonza kaundula wa zachilengedwe za m'tauni mwake n'kumupereka ku mabodi oona za mapulani, mabodiwo azipereka kwa komitiyo kope la pempho lililonse la zomangamanga. Ndiye kuti khomo lolowera m'nkhanizo ndi kaundulayo. Opanda kaundula amangomva kuti kwayamba kukumbidwa.

Kaundula ameneyu si kabuku ka masamba awiri. Mumakhala mapu a mitundu ya dothi, madambo, mitsinje ndi timifuleni, malo omwe madzi amasefukira, malo otsetsereka kwambiri, komwe madzi a pansi pa nthaka amalowera, nkhalango, zinyama ndi mbalame zopezeka m'deralo. Kumukonza kumatenga nthawi yaitali, ndipo pali bungwe la ANJEC, lomwe linayamba mu 1969, lophunzitsa mamembala a makomitiwa ntchito zotere. Mamembala ambiri si akatswiri. Ndi anthu wamba omwe akaweruka kuntchito, kapena atapuma pantchito, amakhala pansi n'kuphunzira kuwerenga mapu.

Pempho lina ndinalitsata miyezi itatu. Munthu ankafuna kumanga nyumba zingapo pamalo otsikira ku kamtsinje. Komiti inayala mapulani ake pambali pa mapu awo, n'kuona kuti ngalande yonse ikuloza kumtsinjeko, ndiponso kuti malo ambiri adzakutidwa ndi simenti ndi phula, moti mvula ikagwa madzi sadzakhala ndi polowera. Analemba kalata ya tsamba limodzi ndi theka. Munalibe ukali, munalibe kuopseza. Anangoti malo akutiakuti pamapu athu ndi onyowa, tikupempha kuti nyumba yakumapeto isunthidwe, pakumbidwe posungira madzi a mvula, ndipo mitengo yodzalidwa ikhale yachilengedwe ya m'deralo. Bodi inatengako zina, zina inazisiya. Nyumba sinasunthe, koma posungira madzi panalowa m'mapulani. Munthu ukhoza kunena kuti n'zochepa, ndipo n'zochepadi. Lamulo la 1975 lija limanenanso kuti bodi ikapanda kupereka kope la pempho lija, zomwe yagamula sizifafanizika ayi. Choncho tisanamizane kuti anthuwa ndi amphamvu. Chomwe ali nacho n'chakuti tsiku la nkhani likafika, iwo amakhala atalemba kale zomwe zili pamalopo, womangayo asanabwere.

Apa m'pamene maganizo anga anathawira kumudzi.

Amayi anga anakhala mlembi wa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwathu kwa zaka zingapo, ija alangizi a zankhalango amaitcha VNRMC, yomwe lamulo la zankhalango la 1997 limaizindikira kuti iziyang'anira nkhalango ya mudzi. Nawonso sankalandira kanthu, kupatula fanta ndi banzi kukabwera alendo. Anali ndi hadikava yakuda ya msana wofiira, yomwe ankaisunga m'jumbo pamwamba pa kabati kuopa chiswe. Ndili mwana ndinkaiba n'kumaiwerenga. Munali mayina a ogwidwa akudula mitengo, nkhwangwa zolandidwa, omwe alipira chindapusa ndi omwe akuzembazemba, osonkha ndalama ya machubu a mbande, ndi masiginecha a alendo. Komiti yathu inali ndi mano ndithu, kuposa ya ku New Jersey. Amfumu akagamula, nkhuku inkatuluka.

Koma m'buku lonselo munalibe tsamba ngakhale limodzi lonena zomwe zili m'nkhalangomo. Misuku ili mbali iti, mibawa yatsala ingati m'mbali mwa mtsinje, kasupe amatulukira pati, dambo limafika pati mvula ikakhala yambiri. Zonsezi zinali m'mitu ya anthu, ndipo palibe ankaganiza kuti n'zofunika kulemba, poti aliyense ankazidziwa.

Chaka china bambo wina anayamba kuumba njerwa m'mphepete mwa dambo, nadula mitengo yootchera uvuni pomwepo. Nkhani inafika kwa agulupu. Ndikukumbukira tsikulo anthu ataunjikana padzuwa, amayi atakumbatira hadikava yawo pachifuwa. Atafunsidwa malire, agogo ena anati ali pa mkuyu uja. Mkuyu uti? Unagwa kalekale, chitsa chake chinapsa ndi moto wolusa. Wina analoza pachulu, wina kutsidya kwa chulu, mwini njerwa analoza kutali kwambiri, nkhope ili gwa. Agulupu anatembenukira kwa amayi: "Alembi, m'bukumo mwalembamo chiyani za malirewa?" Amayi anatsegula masamba, kutsogolo, kumbuyo, kenako anangoti, "Zimenezo mulibe, Gogo." Mlandu unathera m'malere, uvuni unapsa, ndipo chaka chotsatira panabwera wina.

Sindikunena kuti pepala likadagwira nkhwangwa. Ndipo kufanizira malo awiriwa kuli ndi malire ake. Wa ku New Jersey saphikira nkhuni, sadikira thumba la makala kuti alipire fizi ya mwana. Amabwera kumsonkhano atadya, pa galimoto yake. Kwathu munthu wodula mtengo nthawi zambiri ndi msuweni wako, ndipo ukudziwa kuti kunyumba kwake ufa watha. Kudzipereka kwa mayi yemwe wasiya munda wake m'nyengo yopalira kuti akazungulire nkhalango n'kolemera kuposa kwa munthu wopuma pantchito wa penshoni. Izi ndinazilemba m'pepala langa lachiwiri, ndipo ndinazitsindika. Komabe pa nkhani ya malire ija umphawi sunalowepo. Panangosowa tsamba limodzi lojambulidwa ndi pensulo, losainidwa ndi amfumu mkuyu udakali chiimire.

Pepala lachiwirilo ndinapereka sabata yatha. Madzulo ake ndinawaimbira amayi, n'kuwafotokozera za kaundula wa anthu a ku New Jersey. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka.

"Ndiye iwe wapita mpaka ku America kukaphunzira kuti tilembe pomwe pali kasupe?"

Ndinati eya, Amayi.

Anati panopa mlembi ndi wina, mtsikana wa kutsidya, koma amamva zonena. Holide ikubwerayi ndikagule hadikava yatsopano ndi mapensulo awiri. Ndipo ndisachedwe mpaka chilimwe, chifukwa dambo limaonetsa malire ake enieni mu Febuluwale, madzi akadzaza, ndipo agogo omwe akudziwa pomwe panali mkuyu uja masiku ano sakuyenda mtunda wautali.