Lachitatu ku Mtakataka, mvula isanagwe

Lero ndinalawirira kuchoka ku Dedza boma kukuzizirabe, koma pamene tinkatsiriza kutsika Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, jekete inali itasanduka katundu wongolemetsa. Ulendo unali wa ku msonkhano wa komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'dera la Mfumu Yaikulu Kachindamoto, ndipo ndinatenga mwana wa mlongo wanga amene walemba mayeso a Fomu 4 chaka chino.

Nkhani inali yokonzekera dzinja. Madzi otsika m'mapiri a Dedza amadutsa m'chigwa chimenechi pothamangira kunyanja, ndipo mtsinje ngati Nadzipulu ukhoza kusefukira usiku ngakhale kumunsiko kusanagwe dontho. Tinagwirizana za sukulu ndi matchalitchi zimene zingakhale misasa, za anthu oimba mluzu madzi akayamba kukwera, ndiponso za mndandanda wa okalamba, aulumali ndi amayi oyembekezera amene ayenera kusamutsidwa moyambirira. Mndandandawu wokha unatidyera maola awiri, chifukwa nyakwawa iliyonse inkafuna kutsimikiza kuti anthu ake alembedwa.

Pa nthawi ya nkhomaliro mnyamatayo anandinong'oneza kuti, "Amalume, ine ndimayesa ntchito imeneyi ndi yogawa chimanga ndi mabulangete basi." Ndinamuuza kuti kugawako kumabwera pamapeto penipeni, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kuwerenga ndi kulemba molondola. Denga likasasuka kapena munda ukakokoloka, komiti ya m'mudzi ndiyo imayamba kulemba mabanja okhudzidwa, nkupereka ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, imene imatumiza ku khonsolo. Kumeneko mkulu woona za ngozi amatenga anzake a zaumoyo ndi a zaulimi kukaona ndi maso, kenaka lipoti limapita ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ku Lilongwe kudzera mwa bwanamkubwa. Dzina likadumphidwa pa pepala loyambalo, banjalo lidzaonerera anzawo akulandira.

Iye sankasiyanitsa bwanamkubwa ndi wapampando wa khonsolo, ndipo sindinamudabwe, popeza kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, kotero kuti ngakhale akuluakulu ena amasokonezabe. Malinga ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, khonsolo ili ndi mbali ziwiri. Makhansala amasankhidwa ndi anthu, amasankha wapampando pakati pawo, ndipo ndi amene amavomereza bajeti ndi malamulo a m'bomalo, pamene mafumu amakhala nawo pa zokambirana koma saponya voti. Bwanamkubwa ndi wolembedwa ntchito, ndipo amatsogolera ogwira ntchito onse okwaniritsa zimene khonsolo yagwirizana. Woona za ngozi ali mbali yachiwiriyi.

Atafunsa za sukulu, ndinamutchulira yunivesite ya MUST ku Thyolo, imene ili ndi digiri ya kasamalidwe ka ngozi zoterezi. Sindinamubisire kuti mipando yolandira malipiro pa khonsolo ndi yowerengeka, ndi kuti ambiri amene anawaona lero ndi ongodzipereka, pamene ena amalowera ku Red Cross, ku mabungwe omwe si aboma kapena ku nthambi ya zanyengo. Komabe ntchitoyi ikukula. Lamulo loyamba linabwera mu 1991 napolo atasakaza ku Phalombe, ndipo latsopano linakhazikitsidwa mu 2023 pambuyo pa namondwe wa Freddy, likutsindika kukonzekera ngozi isanachitike m'malo modikira kukapepesa.

Madzulo mlembi wa komiti anadandaula kuti maso akumuvuta, ndipo mnyamatayo anapempha kuti akopere mndandanda uja m'kope latsopano. Anapezamo mayina atatu olembedwa kawiri ndi mudzi umodzi wosowa. Wapampando wa komitiyo wamuuza kuti abwerenso Lachisanu ndi cholembera chake, ndipo ndalama ya minibasi yagwera ine.