Lero tinapita ndi agogo kukaona manda a Ngwazi

Loweruka usiku. Ndikulemba izi miyendo ili m'beseni la madzi ofunda chifukwa lero ndayenda ngati pali amene akandilipire.

Agogo anabwera Lachitatu kuchokera kumudzi ku Kasungu kudzapimitsa maso, zamasozo zinatheka Lachinayi, magalasi tikatenga sabata yamawa, nde ine ndimati lero ndigona mpakana dzuwa lilowe pawindo. Ayi ndithu. 5 koloko ndangomva chitseko go go go, "iwe dzuka, sindingabwerere kumudzi osaona pamene anagona Ngwazi, anzanga akandiseka." Kutuluka ndapeza asamba kalekale, amanga duku, nsalu yatsopano ija ndinawagulira pa Khirisimasi yomwe amati akuisungira tsiku lalikulu. Tsiku lalikulu lake ndi limeneli eti.

Ndinaimbira amalume kuti atiperekeze poti amakhala pafupi komanso agogowa ndi amayi awo, asamangondisiyira ine zonse. Anayamba kaye aseka, kenako akuti "ndipita chifukwa cha amayi, osati chifukwa cha mwini mandayo." Ka mphwanga ka Fomu 1 nako kanati sikatsala. Tinanyamuka anthu anayi.

Nkhani inayambira muminibasi momwe. Kondakitala wabweza chenji, pali ka K1000 kofwifwa ngati kachokera mumphika wa nyemba, agogo alanda, akuyang'anitsitsa ndi maso awo osaona bwinowo. Akuti ndi iyeyu uyu, koma amujambula wokwiya. Ndiye anakawongola bwinobwino pabondo ndikukaika pansonga ya nsalu, chenji changa chinathera pompo. Amalume akuti amayi, nthawi imeneyo nkhope imeneyi inali pa ndalama iliyonse, pakhoma la sitolo iliyonse, pansalu imene munkavala, simunakhute kuiona? Agogo anangoti "iwe unali mwana." Munthu wa imvi, wopuma pantchito yauphunzitsi, akuuzidwa kuti anali mwana kkkk. Minibasi yonse inaseka, bambo wina kumbuyo anayamba zake zoti nthawi ya Kamuzu feteleza sankavuta, mnyamata wina akuti nanga bwanji munamuchotsa, mpaka tinatsika pa Area 18 anthu akadakangana.

Tinayamba taima pa chipilala chija chili pafupi ndi nsanja yokumbukira asilikali ankhondo. Kamuzu ali chilili, suti ya mapisi atatu, chipewa, ndodo ndi litchowa m'manja. Mphwanga akufunsa kuti chinthu cha ubweyacho n'chothamangitsira ntchentche? Agogo anangotsala pang'ono kumuponyera khofi. Akuti akakweza litchowa lija m'mwamba n'kukuwa kuti Kwachaaa bwalo lonse linkachita kugwedezeka.

Kuchoka apo tinakwera taxi, ndi pafupi koma agogo sakanayenda. Manda ake ali pafupi ndi nyumba ya malamulo ku City Centre, ine ndadutsapo kambirimbiri koma kulowa kunali koyamba lero, manyazi ndithu. Malo ndi aukhondo, miyala yosalala yonyezimira, chithunzi chachikulu cha mwini wake kutsogolo, ndi mizati inayi yoimira ngodya zinayi zija. Apa agogo sanadikire kufunsidwa, anazilakatula okha ngati mwana wa Sitandade 2: umodzi, kukhulupirika, kumvera, kusunga mwambo. Amalume nawo ndinawaona milomo ikuyenda yokha, atazindikira kuti ndawaona anatembenuka n'kuyamba kukhosomola.

Bambo amene amalandira alendo pamenepo anatifotokozera kuti Kamuzu anamwalira pa 25 November 1997 kuchipatala ku Johannesburg, anaikidwa pompano mu December chaka chomwecho, koma nyumba yokongolayi inabwera pambuyo, inatsegulidwa pa 14 May 2006 nthawi ya Bingu wa Mutharika. Zoti manda apamwamba amene timajambulapo zithunziwa ndi chifanizo chabe, enieniwo ali pansi, ine sindinkadziwa. Agogo atamva zimenezo anakhumudwa pang'ono, akuti ndiye ndagwadira mwala? Koma anagwadabe.

Mkangano weniweni unabuka pa zaka. Agogo akuti Ngwazi inabadwa pa 14 May 1906, ndi zimene ankauzidwa chaka ndi chaka pa Kamuzu Day. Amalume akuti bodza limenelo amayi, olemba mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Ndiye anamufunsa mphwanga uja ngati ali m'kalasi: munthu anachoka kuno cha m'ma 1915 wapansi, kukafika ku Hartley ku Southern Rhodesia komwe anagwira ntchito pachipatala, kenako ku Joni kumigodi komwe anali womasulira, tawerengera, akanakhala wa 1906 ananyamuka ali ndi zaka zingati? Kamwana kawerenga pazala, akuti 9. Amalume akuti basi, mwana wa zaka 9 angayende wapansi mpaka ku Rhodesia? Agogo osagwedezeka n'komwe, akuti n'chifukwa chake anali Ngwazi. Apa ngakhale bambo olandira alendo aja analephera kudzigwira.

Koma kunena zoona mbiri ya munthuyu ukaimva kuyambira pachiyambi imazunguza mutu. Mwana wa kumudzi ku Kasungu, 1925 ali ku America, pasukulu ya Wilberforce ku Ohio, kenako University of Chicago, kenako udokotala ku Meharry Medical College ku Tennessee komwe anamaliza mu 1937. Osakhutira, wapita ku Edinburgh kukatenga mapepala ena kuti aloledwe kugwira ntchito m'maiko a Angerezi. Wachiza azungu ku Liverpool, ku North Shields, ku London, kenako Ghana. Zaka zoposa 40 ali kunja. Pobwera pa 6 July 1958 pa Chileka Chichewa chinali chitamuthawa pakamwa, ankalankhula Chizungu wina n'kumamasulira, ndipo anapitiriza choncho mpaka kumapeto. Chimene chimandiseketsa ine n'choti munthu yemweyo ndi amene boma lake mu 1968 linakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo ankakonda kudzudzula anthu kuti akuchilankhula molakwika. Ndinamufunsa mphwanga kuti iwe ungapite kunja zaka 40 n'kudzabwera kudzatilamula? Akuti bola akandipatse visa.

Amalume pa gawo ili la mbiri alibe naye vuto Kamuzu, ndinadabwa kuti ndi iwo amene anafotokoza bwino kuposa tonse. Za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe ankachitcha chopusa, za 3 March 1959 pamene atsamunda analengeza za chitetezo chokhwima, anthu n'kuphedwa ku Nkhata Bay, iye n'kutengedwa kupita kundende ya Gwelo mpaka April 1960, za ufulu pa 6 July 1964. Ankafotokoza manja ali m'mwamba ngati wagwira choko. Atafika pa 1964 pomwepo mawu anatsika. Akuti sipanathe ngakhale miyezi itatu chilandirireni ufulu, anyamata omwe anamuitana kuti abwere kumudzi, a Kanyama Chiume, a Masauko Chipembere, ndi ena ngati a Orton Chirwa, a Yatuta Chisiza, mayi Rose Chibambo, onse anali atasanduka zigawenga. 1966 dziko la chipani chimodzi. 1971 Pulezidenti Wamuyaya.

Ndipo mayina aulemu sankatchulidwa mwachidule ayi, agogo anatiwerengera: Ngwazi, Wamuyaya, Mpulumutsi, Mkango, Nkhoswe Nambala Wani ya amayi onse. Nkhoswe imeneyo ndi imene agogo amaikonda. Akuti mwamuna akakumenya unkangonena kuti ndikakunenera kwa Nkhoswe, bambo amazizira nthawi yomweyo. Akuti anzawo ena anakwera ndege, ena anamangiridwa nyumba. Ndinafunsa kuti nanga inu agogo munakwera? Akuti ayi ine ndinakwera lole.

Amalume anakhala pa kakhoma panja, sanalowe m'kati. Ndinawatsatira. Akuti mphwanga, taona mizati inayi iyo, yokongola, koma tandisonyeza pamene palembedwa Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Anthu anayi akuluakulu a boma anafera ku Mwanza mu May 1983, wailesi n'kunena kuti ndi ngozi ya galimoto. Kamuzu anazengedwa mlandu umenewu atachoka pampando, khothi linamupeza wosalakwa mu December 1995, kenako anapepesa mtundu wonse pa zowawa zomwe anthu anakumana nazo nthawi yake. Amalume akuti kupepesa anapepesa, koma a Orton Chirwa anafera kundende ya Zomba mu 1992, a Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ku Mikuyu kunadzaza anthu osazengedwa mlandu. Khadi la chipani linali ngati mpweya, popanda ilo msika sulowa, basi sukwera. Mkazi osavala thalauzi kapena siketi yoonetsa mawondo, mwamuna osasunga tsitsi lalitali, ndipo linali lamulo lenileni la 1973 osati nkhambakamwa. Iwo akuti anametedwapo ndi anyamata ena pa siteji ya basi, mbali imodzi yokha, inayo anakamalizitsa okha kunyumba. Ankaseka pofotokoza koma kuseka kwake kuja kwa mano okha.

Ine ndinabadwa zonsezi zitatha, Kamuzu wanga ndi wa pa zikwangwani. Pobwerera tinachita kampikisano ndi mphwanga kutchula zinthu za dzina lake: Kamuzu International Airport, Kamuzu Central Hospital, Kamuzu Stadium, Kamuzu Barracks, Kamuzu Palace, Kamuzu Dam, baraji ya ku Liwonde, mlatho wa ku Chikwawa, Kamuzu Academy ku Mtunthama yomwe inatsegulidwa mu 1981 ana akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki pakati pa minda ya fodya, ndi KUHeS, yunivesite ya zaumoyo yomwe inayamba mu 2021. Kamwana kanandipambana ndi Kamuzu Procession Road, msewu umene ndimadutsa tsiku lililonse. Amalume anatikumbutsa kuti mayina enawa anafufutidwapo nthawi ya a Muluzi, bwalo la ndege linali Lilongwe International Airport, sitediyamu inali Chichiri, chipatala chinali Lilongwe Central, ngakhale holide ya 14 May inachotsedwa, kenako nthawi ya Bingu zonse zinabwerera. Ndiye ulemu wa munthu wakufa umatengeranso amene ali pampando, opaka penti okha ndi amene anadyapo bwino.

Pamenepa maganizo anga ndi oti mayinawo akhale, sindikuona chifukwa chowachotsera, mzinda uno womwe tikukhalamowu ndi iye anaumirira kuti likulu lichoke ku Zomba mu 1975, ngakhale ndalama zake zina zinachokera ku boma la tsankho la South Africa lomwe anzake mu Africa muno ankalisala. Chomwe chimandinyansa n'choti mwana ngati mphwangayu angathe kutchula nyumba khumi za Kamuzu koma Gadama anamva koyamba lero, anafunsa ngati ndi wosewera mpira.

Tinadya chipisi panjira, agogo anakana soseji akuti sadziwa chimene anaikamo. Ali pakati pakudya amalume anayambanso, akuti amayi pa 14 June 1993 paja munavotera tambala wakuda eti? Agogo akuti eya, ndipo iwe unavotera nyali, unkayesa sindikudziwa, unabwera kunyumba ukumwetulira ngati wapeza mkazi. Nyali inapambana, chaka chotsatira pa 17 May a Bakili Muluzi anapambananso, ndipo nkhalamba ija inavomera pawailesi kuwerenga mavoti kusanathe n'komwe. Apa amalume anagwedeza mutu, akuti chimenecho chokha ndimamupatsa, ena a masiku ano akanati makompyuta abedwa.

Madzulo titadya nsima, amalume atapita, agogo anandiitana kuchipinda kuti ndiwadontheze mankhwala m'maso. Ali chigonere choncho maso ali kudenga anayamba okha. Akuti ukudziwa amalume akowa anatsala pang'ono kufa ndi chikuku ali wakhanda? Sabata imeneyo kunali kokavina, Ngwazi imabwera kudzayendera mbewu. Atcheya anabwera pakhomo, ndinawauza kuti mwana akudwala, anangondifunsa kuti ndiye tikanene kuti mwakana? Ndinamusiya ndi apongozi, tinagona m'kalasi masiku atatu pa simenti, ndinavina kutsogolo penipeni chifukwa mawu anga anali abwino, mabere akutuluka mkaka kunyowetsa nsalu ya nkhope yake ija.

Ndinafunsa kuti amalume amazidziwa zimenezi? Akuti ayi, ndipo usakawauze, angapezerepo pondinenera. Ndinafunsanso kuti nanga lero munagwadiranji? Anakhala chete mpaka ndinkayesa agona, kenako akuti diso linalo sunadontheze.

Chithunzi chomwe anatijambula mphwanga pa masitepe agogo akuti ndikachitsukitse chachikulu akachipachike kumudzi. Iwo ali nganganga pakati, ine ndatsinzina, amalume ali kumapeto akuyang'ana kumsewu. Pompano 10 koloko yadutsa, uthenga wa amalume walowa pa WhatsApp, akuti tanditumizire chithunzi chija, koma chimene amayi akuoneka bwino.